Chikhatho Chimodzi Kum'mawa

Amalume Akimu sankasenda mtengo ngati chinangwa.
Ankafika pa muwawani wa kuseri kwa phiri la Kanjala
mame asanakamuke,
n'kuyamba akhosomola kaye
ngati munthu wofika pakhomo pa apongozi.

Kasemasema wawo anali wa mpini wakuda ndi thukuta.
Chikhatho chimodzi kum'mawa,
chikhatho chimodzi kumadzulo, basi.
Pabalapo ankamata dothi lonyowa la pachulu
n'kulisalaza ndi chala chachikulu.
Ine, thumba la feteleza lili lende paphewa,
ndinkadandaula: phiri lonseli
kukwerera tizibenthu tiwiri?
Iwo osacheuka:
ukauzunguliza wauvula moyo,
chaka chamawa udzapempha kwa chitsa?

Kwathu ku Mchini khungwalo linkauma padenga la malata
pambali pa mfutso ndi nsapato zanga za kusukulu.
Ankabwera ndi manja pamimba,
amayi Dailesi ogulitsa makala,
telala wa pakona, ngakhale akatekisiti
dzuwa litalowa, chipewa atachitsitsa.
Kachibenthu m'kapu yachitsulo,
madzi n'kufiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Ndinamwako ndili giredi folo
nditadya mango osapsa ndi mchere.
Kuwawa kwake!
Lilime linakwinyika mpaka Lachitatu,
koma chimene chinkabangula m'mimba
chinapinda mchira.

Usiku wina a Soko anafika ndi mwana kumsana,
thupi ngati mbaula, maso atatembenuka.
Amalume sanamasule n'komwe thumba.
Anapopa njinga, nawakweza onse awiri,
kupalasa mumdima mpaka kuchipatala chachikulu.
Pobwera anangoti:
uja ngwa jakisoni,
khungwa nalo lili ndi polekezera.

Tinawaika m'chaka cha ntchemberezandonda.

Masiku ano pamsika wa Kapata
anyamata a zimkuzamawu amalikuwa khungwa lomwelo:
shuga, kuthamanga kwa magazi, chikondi chothawa,
ngakhale mlandu wa kukhoti!
Matumba odzaza mpaka kusoka pakamwa
akwera basi ya ku Lusaka mbandakucha
pamodzi ndi mtedza.

Mwezi wathawu Tisauke wanga anagona akubuula,
ndiye ndinakwera phiri, kasemasema m'manja.
Ndinakhosomola ndili patali.
Panalibe womva.
Muwawani unali chiimire, mbulanda,
woyera ngati fupa kuyambira m'maondo
mpaka pomwe makwerero a munthu analekeza.
Nyemba zake zazitali zinkagundana pamphepo,
gobede, gobede.
Kutsinde kwenikweni, kumene chikwanje chinachita ulesi,
ndinapeza chipsera chimodzi chakale,
milomo yake itakumana bwinobwino,
kukula kwake chikhatho.
Ndinayikapo changa.
Chinakwana.

Mwanayo anachira ndi mapilisi a kukiliniki,
sindibisa.
Koma ndinatsika ndi nyemba zinayi m'malaya,
ndinaziswa ndi mwala pakhonde,
njere khumi ndi imodzi m'mapepala a shuga
kuseri kwa bafa.
Zinamera zitatu.
Imodzi mbuzi ya a Miti inadya Lamlungu
ife tili kutchalitchi.

Ziwirizo Tisauke amazithirira madzi otsukira mbale
ndipo amafunsa tsiku ndi tsiku:
tidzamwa liti?
Ndimawerenga zala, n'kumuonjezera zaka,
n'kumuona ali ndi wake kumsana,
ine mwina nditatsata amalume.
Sindimuuza zimenezo.
Ndimangomugwira dzanja, kulitambasula,
kumusonyeza kotulukira dzuwa, kuseri kwa mapiri a ku Mwami,
ndi kolowera, cha ku Msekera.
Iye amaseka, akuti kamtengo kosafika m'bondo
kangamve bwanji munthu akakhosomola.

Dzulo m'mawa ndili kumeta ndevu
ndinamumva kuseriko,
chitini cha madzi m'manja,
akuti: khe, khe.