Ngalande ya Mayi Ntswaki

Pachikwangwani cha m'mbali mwa M1
dzina lawo lili pansi penipeni,
timalembo tonga nyerere,
kuti uwerenge mpaka utsike m'galimoto.
Apamwambawo anatenga phula ndi milatho.
Ife anatigawira ngalande,
makilomita awiri ndi theka kuchokera ku Booysens.

Ine ndine Lekeleni wa ku Bilira.
Ku Joni kuno ndinabwerera kuchapa zovala za eni,
lero ndimakupiza mbendera yofiira
ndipo mathiraki amandimvera.

Chaka chatha kunabwera bambo wa tayi.
Anati, Mayi, patenda pakufunika dzina la mkazi,
tibwerekeni lanu,
inu muzingokhala pakhonde,
ndalama zizikupezani pafoni.
Mayi Ntswaki anamuthirira tiyi,
anamumvera mpaka anamaliza,
kenako anati, Dzina langa limayenda ndi fosholo yanga,
kumene kulibe fosholoyo silipitako.

Ndiye anayamba kuzungulira maofesi okha.
Pepala la msonkho, chidindo, chidindo chinanso,
bwerani mawa,
mawa lakelo bwana ali kumaliro.
Kubanki atafunsa chikole
anatambasula zikhatho zawo zokakala.
Kalaliki anayang'ana pakhoma.

Ntchito anaipeza, inde.
Koma palibe anawauza
kuti kampani yaikulu imalipira ikafuna.
Miyezi itatu pepala lathu
linagona pansi pa kapu ya munthu wina.
Anagulitsa filiji, anagulitsa matayala a lole ya malemu amuna awo,
n'kutilipira tonse khumi ndi mmodzi,
iwo n'kupita ku Orlando pa minibasi,
nsapato zili simenti yokhayokha.

Kunabweranso anyamata pagalimoto yopanda nambala
kudzafunsa gawo lawo.
Masiku anayi mafosholo anagona.
Zimenezo sitimazikamba.

Dzana masana kumwamba kunada bii,
mvula ya kuno ija yobwera ngati wangongole,
matalala akulira pazipewa zathu.
Tinathawira pansi pa mlatho.
Mayi Ntswaki okha anaima pamtetete
kuyang'ana madzi.

Anatsika pamsewu ali ofiira, olusa,
atanyamula mabotolo ndi nsapato ya mwana,
anafika pamene tinakumba ife,
anakhota,
n'kulowa mwaulemu ngati mkamwini.
Phula linatsala mbee.

Magalimoto opita ku Sandton anangodutsa,
palibe anachepetsa liwiro,
palibe anadziwa kuti pali chimene sichinamuchitikire.
Ngalande yabwino ndi yotero,
saiona.

Iwo anatulutsa foni m'thumba la ovolosi.
Ndinkati akufuna kujambula.
Ayi, ankaona ngati ndalama zalowa.

Sizinalowe.

Anapukuta galasi la foniyo pachifuwa,
anaseka pang'ono, madzi akuyenderera m'khosi,
n'kutembenukira kwa ife pansi pa mlatho paja:
Mawa sikisi koloko.
Lekeleni, mbendera ija ukaiyanike.