Mng'alu wa ku Mtendere

Magetsi anali atathima kuyambira masana.
Cha m'ma naini usiku makapu anayamba kunong'onezana pa shelefu,
malata anatsokomola,
bedi linandikankha ngati minibasi yonyamuka
kondakitala asanatseke chitseko.
Agalu a ku Mtendere anauwira pamodzi, kenaka zii.
Siinakwane ndi mphindi imodzi yomwe.
Tinathamangira panja, ena ndi zitenje, ena ndi Baibulo,
wina atanyamula wailesi n'kuiwala mwana,
tonse maso kumwamba
chonsecho nkhani inali pansi.

Kutacha foni inalira. Mai Chilembo:
"Amisiri, bwerani mudzaone ntchito ya manja anu."
Khoma la kum'mawa, lomwe ndinamanga chaka chatha m'nyengo yozizira,
linali ndi mng'alu wochokera pawindo,
kutsetsereka mokhotakhota ngati mzere wa linthumbu
mpaka pa maziko.
Ndinayesa chala chaching'ono. Chinalowa.
Ndinaika levulo pamwamba:
kadontho kamene kandidyetsa zaka makumi awiri
kanathawa pakati, kukabisala pakona.

"N'chivomezi, mai."
"Nanga ya a Daka bwanji ili chiimire?
Chivomezi chimawerenga manambala a pageti?"

Madzulo Tikambenji, mwana wanga wophunzira za miyala ku yunivesite,
anatenga buledi wogona, kum'gwira uku ndi uku,
n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono.
"Atate, onani pakatipa. Ichi ndi chigwa cha Luangwa.
Dziko tapondali si chinthu chimodzi, ndi zigamba
zokhala pa thanthwe lotentha,
lofewa ngati phula la pamsewu mu Okutobala.
Zimayenda mochedwa kuposa chikhadabo chanu chikamakula.
Miyala imakana, imakana,
imasunga mangawa zaka mazanamazana,
tsiku lina n'kulolera kamodzin'kamodzi.
Madzi aja munaviikamo mapazi ku Chinyunyu,
kutentha kwake n'kwa pansi komweko.
Kwina, kumene chivundikiro n'chopyapyala,
phiri limasanza moto,
mudzi wonse n'kugona m'phulusa, nkhuku ndi mbale zomwe."
Nyenyeswa zinagwera patebulo.
Ndinazitola, ndinadya.

Sindinamuuze za matumba atatu a simenti
amene anatuluka pageti la Mai Chilembo
pa wilibala, atafunda makatoni,
sabata imene kusukulu kwake ankafuna ndalama ya mayeso.
Ndinangoonjeza mchenga.
Mchenga sudziwa kuulula, ndinkatero,
pulasitala ndi penti adzasunga pakamwa.
Ndani akanalota kuti mboni idzanyamuka
kuchokera kumene makina okumba mijigo sanafikeko,
kudutsa miyala ya laimu imene Lusaka anakhalira,
kudutsa zitsime ndi zimbudzi za komboni yonse,
kulambalala nyumba ya a Daka,
n'kudzalemba dzina langa pakhoma
ndi chala chimodzi?

Loweruka ndinakongola matumba awiri ku Kalingalinga.
Lachitatulo ndilibe nalo mphamvu pakali pano.
Ndinagumula mabuloko asanu ndi awiri,
matope akale ankayoyoka m'manja ngati shuga.
Mai Chilembo anakhala pa mpando, ambulera m'manja,
kuwerenga fosholo iliyonse mokweza.
Sananene kanthu za mchengawo.
Masana anandipatsa madzi m'kapu yagalasi, ya alendo,
ndipo ndinalephera kuwayang'ana.

Kadontho kabwerera pakati.
Koma ine ndikudziwa tsopano kuti kamanena zoona za lero lokha.
Ndikamakoka chingwe pa maziko atsopano ku Chalala
ndimayamba ndagunditsa chikhatho pansi,
anyamata n'kumaseka kuti abwana akupemphera.
Pansipo pali phee, ngati munthu amene akudziwa zako
koma sanafune kuyankhula.

Usiku uno ndikuwenga zikhadabo ndi lezala pakhonde.
Tikambenji akuwerenga ndi tochi ya foni.
Ndanyamula kachidutswa kamodzi, koyera ndi simenti,
ndikukayang'ana pa kuwala.
Mwezi umodzi wokha, kafika apa.
"Nanga chiyambire kubadwa kwako," ndikumufunsa,
"Luangwa watakasuka bwanji?"
Akutambasula zala ziwiri, osadzutsa mutu.
Mpata wake
chala changa chaching'ono chikhoza kulowamo.