Bambo M.

Uthenga unafika Lachiwiri, magetsi atathima,
foni itatsala ndi kamzere kamodzi kofiira.
Ndinauwerenga chiimirire pakhonde ku Chikanda,
mvula ikugogoda malata ngati mwini ngongole.
Miyezi isanu ndi umodzi ku Jeneva, akutero,
kukaphunzira ntchito kwa oteteza ufulu wa anthu.
Ndege alipira. Chipinda alipira.
Ndipo mwezi ndi mwezi, kangachepe ka m'thumba.

Kangachepeko ndinakasandutsa makwacha
pachikuto cha buku la malamulo a malo,
ndinawerengetsa kawiri, kuopa kuti ndawonjeza ziro.
Amayi atagulitsa matemba pa Mpondabwino
kuyambira dzinja mpaka dzinja linzake
sangafikepo.
Ndinaseka ndekha. Kenako manyazi anandigwira,
sindinadziwe kuti ndi a chiyani.

Zaka zinayi ku Chirunga ndaloweza mapangano a mayiko
ndime ndi ndime, ngati mavesi a Sande sukulu:
munthu asamangidwe popanda chifukwa,
womangidwa aonekere msanga pamaso pa woweruza.
Msanga.
Ndinalemba mzere kunsi kwa liwulo
ndipo ndinakhoza nalo mayeso.

Lachisanu ndinalowa pachipata cha ndende yaikulu
kumene a Mpaweni akudikira mlandu wawo
chaka chachisanu tsopano.
Anawagwira ku Jali usiku wa ndewu ya pamowa.
Fayilo yawo inasowa pakati pa polisi ndi khoti,
mtunda woti mwana wotumidwa mchere
angapite ndi kubwerako madzi asanawire.

Ndinawauza.
Anati, Jeneva ali mbali iti, kupitirira Joni?
Ndinati kutali, kozizira kuposa Ku Chawe mu Juni.
Ndiye kumene amaphika ufuluwo?
Ndinati amaulemba.
Mukafika mukawafunse, iwo anatero,
kapena fayilo yanga inasochera kumeneko.
Anaseka. Mano awiri akutsogolo palibe,
anaguluka ali momwemo.
Msilikali wa pakhomo nayenso anaseka.

Chimene sindinawauze ndi ichi.
Pa fomu panali funso:
fotokozani chifukwa chake mukufuna mwayiwu,
mawu asapitirire mazana asanu.
Ndinalemba za iwo.
Za nsabwe, za kugona chokhala, mawondo m'chifuwa,
za mwana wawo amene anayamba kuyenda iwo kulibe
ndipo lero ali sitandade wani.
Dzina ndinabisa monga amatiphunzitsira.
Ndinawatcha Bambo M.
Osankhawo anati nkhaniyo inawakhudza.
Zaka zisanu za munthu zandigulira mpando wa pazenera.

Mphunzitsi wanga akuti pita, Asiyatu,
ukaone mmene dandaulo limakwerera makwerero,
ukabwere ndi mano.
Amayi akuti ukagule jekete, zinazo n'zanu ophunzira.
Ndagula pa kaunjika mumsika, lalitali, lofika m'mawondo,
m'thumba mwake ndapezamo tikiti ya sitima
ya mzinda umene sindingathe kuutchula.

Zolemba zanga zonse ndasiyira Sigele wa chaka chachitatu:
makalata asanu ndi awiri opita kukhoti,
yankho limodzi,
dzina la kalaliki amene amamva ukamupeza m'mawa,
ndi sopo, asaiwale sopo.

Potsanzikana a Mpaweni anandigwira dzanja nthawi yaitali.
Anati, amene ankabwera inu musanayambe
nayenso anapita kunja.
Anali mnyamata wabwino.
Sanawonjezepo kanthu.

Ndinatuluka. Phiri linali litafunda mtambo,
akabaza akuitanira a ku Matawale.
Ndinayenda wapansi mpaka pa mlatho wa Likangala,
madzi ali ofiira, akuthamanga ndi zinyalala za tauni.
Pepala lokhalo lotsala la mlandu wawo,
lija la chidindo chofufutika,
ndalichititsa fotokope pa sitolo ya pa depoti.
Ndalipinda kanayi.
Lili m'thumba la jekete, pamodzi ndi tikiti ya mwini wake,
ndipo pa bwalo la ndege akandifunsa chimene ndanyamula
sindikudziwa ndidzati chiyani.