Chilembo Chimodzi

Juni wa ku Mzuzu sagogoda pakhomo, amangolowa m'mafupa.
Nkhungu yatsika ku Kaning'ina usiku
yadzatsamira mawindo a labu,
choko chanyowa, chikukana kulemba.
Ndikuchikakamiza:
itheni kumanzere, ithini kumanja.

Ana makumi asanu ndi atatu
akuona dzina limodzi lolembedwa kawiri.

Ndikuti taonetsetsani.
Onse ndi a makaboni awiri, bere limodzi,
ndipo kaboni aliyense ali ndi manja anayi.
Mwa itheni agwirana dzanja limodzi,
otsalawo anyamula mahaidilojeni asanu ndi mmodzi.
Wadzaza ameneyo,
minibasi ya ku Ekwendeni kondakitala atamenya chitseko.
Mwa ithini agwirana manja awiri,
mahaidilojeni anayi basi.
Mudzati ogwirana kawiri ndiwo okhulupirika.
Ayi. Dzanja lachiwirilo ndi la maso kunjira,
mlendo akangodutsa
limataya mnzake n'kukapereka moni.

Botolo lathu la bulomini linauma ine ndisanabwere pasukulu pano,
choncho ndimayesa ndi pakamwa:
madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka,
akakumana ndi itheni amakhala momwemo,
akakumana ndi ithini amayera mbee.
Ana amalemba zimene sanaone. Amandikhulupirira.

Tsiku lina ndinawauza za nthochi,
kuti yakupsa imapuma ithini
ndipo mpweyawo umadzutsa zaziwisi.
Mtsikana wa mzere wachiwiri anaseka mokweza.
Amayi ake amapikula mikoko ya ku Nkhata Bay,
amaponya yakupsa imodzi m'thumba, kumanga pakamwa,
Lachinayi kukayala ku Zigwagwa.
Sanafikeko folomu wani
koma akhala akutuma ithini zaka khumi ndi zisanu.
Ndinati ngakhale jumbo imene amakulungira makasitomala
ndi ithini yemweyo, zikwizikwi,
aliyense atamasula dzanja lija kugwira mnzake.

Pamayeso mtsikanayo analemba itheni.

Cholembera chofiira sichimva chisoni.
Malikisi awiri, ndinadula.
Anabwera kutebulo pepala lili m'manja, juzi yoduka pachigongono:
Aphunzitsi, n'chilembo chimodzi chokha.
Ndinati chilembo chimodzicho ndi mahaidilojeni awiri,
amayi ako akatuma itheni
nthochi zidzafika Loweruka zili gwaa,
inu n'kugona ndi njala.
Pita ukakhale, Alinafe.

Sanasunthe.

Alinafe amakhala kumbuyo, aphunzitsi,
pawindo losweka.
Ine ndine Alinase.

Mvula ya mawawa inayamba pamalata,
ndipo palibe anaseka. Kukadakhala bwino akadaseka.

Zaka ziwiri ndakhala ndikuitana mayina m'mawa uliwonse,
a Mhango awiri otsatana m'kaundula,
ndi kumva mawu awiri akuti ndilipo
osadzutsa mutu.
Lero ndafunsa, ndauzidwa.
Wina amachokera ku Masasa wapansi, matope mpaka m'akakolo,
wina amatsika kabaza kuchokera ku Chimaliro.
Wina chiyambire sanafunsepo funso.
Winayu dzanja lake limakhala m'mwamba,
kugwira chilichonse chodutsa m'kalasi.

Malikisi sindinabweze. Ithini akadali ithini.

Koma madzulo ndatsegula buku la zotsatira
kuwerenga mizere iwiri ija ndi chala,
teremu ndi teremu,
ndipo pali makumi asanu ndi awiri a chaka chatha
amene sindingalumbire kuti ndi a ndani.

Pobwerera ndadzera ku Zigwagwa.
Amayi asanu ndi awiri pamzere wa nthochi,
zitenje kumutu chifukwa cha mawawa,
aliyense akundiitana kuti aphunzitsi, tiyeni kuno.
Ndayang'ana nkhope imodziimodzi
kufuna mphuno kapena chibwano chodziwika.
Ndagula phava kwa wakumapeto,
andiikira m'jumbo yakuda,
ndipo njira yonse mpaka ku Chibanja
ndakhala ndikutchula chamumtima, pang'onopang'ono,
ngati mwana wa sitandade wani:
se, fe,
se.