Waya Wachitatu

A Nangozo, mwandiitana kuno ku Chinsapo
kuti ketulo yanu ikuluma.
Ketulo siluma, mayi. Khomali ndi limene lili ndi mano.

Ndatsegula soketi ndi tesita yanga yong'aluka:
wofiira alipo, wakuda alipo,
koma wachitatu uja, wobiriwira, wopita pansi,
amene anakukokerani magetsi anati ndi wodula.
Ndalama yake anamwera ku Biwi.

Ine ndinakhala zaka zisanu ku Joni
kunyamulira makwerero bwana wosaseka.
Kumeneko pulagi ili ndi mano obulungira, onenepa,
m'mimba mwake mulibe fyuzi,
koma pa bolodi pamakhala kamlonda
kamene kamadumpha mwana akangokhudza ponyowa.
Mlamu wanga wa ku Amereka akuti kwawo
moto wake ndi theka la wathu,
woyera ndiye wofatsa, wakuda ndiye mfiti.
Chikhalirecho m'nyumba mwanumu wofatsa ndi wakuda.
Mtundu umanama ukawoloka nyanja.

Ife tinatengera mano atatu amakona
ndi kafyuzi kochepa ngati nyemba,
kobadwira kufa m'malo mwa mwini nyumba.
Tsono taonani chimene ndapeza mu pulagi ya ayironi:
msomali.
Msomali sufa, mayi.
Umangoyang'ana denga likupsa.

Tchaja ya mano awiri ya ku Malangalanga
mwana wanu Tiyanjane amaikankhira mkati
atatsegula soketi pakamwa ndi kamtengo ka machesi.
Waya wopita kwa alendi kuseri
wakwera mupapaya, mfundo yake mwamanga ndi jumbo,
ndipo mitambo yayamba kale kudera cha ku Dzalanyama.

Mukuti ndingogwira, poti azima chim'mawa.
Mdzinja ankateronso.
Tinkadyera limodzi chiwaya pa depoti.
Magetsi sanena odi akamabwerera.
Ndiloleni ndithimitse kaye pa meni,
ndiyese, ndiyesenso, ngati munthu wosakhulupirira m'bale wake.

Mtengo wanga wakwera, ndamva.
Bureka, waya mamita makumi atatu, ndodo yamkuwa.
Chotsani ya minibasi, ndiyenda wapansi.
Koma ndodoyo ayi.
Ndiikhomera kuseri kwa bafa, pa dothi lonyowa,
kuti moto ukasochera upeze njira yake
osadzera m'dzanja la Tiyanjane.

M'chilimwe muziithirako madzi otsukira mbale.
Simera, musadikire masamba.