Nambala Zitatu

Magetsi abwera mochedwa lero ku Bangula.
Fani ikungonyamula kutentha pakona iyi
n'kukakutula pa inayo.

Mai Dinyero akhala pabenchi, patapata m'manja.
Awoloka pa bwato ku Mtayamoyo kusanache,
chithunzi atachikulunga m'jumbo ya shuga.
Ndachigoneka chafufumimba pa sikana,
kuwala kwadutsa pansi pake kamodzi,
mwamuna watulukira pa sikirini:
theka la nkhope lilipo,
theka linalo madzi anadya.

Kumanja, pakona, kuli kabokosi kosayankhula.
Kamawerenga chilichonse chimene kamuvi kakhudza,
kufiira, kubiriwira, buluu,
nambala zitatu basi.
Pachipumi: 96, 61, 44.
Ndatsika pang'ono, patsaya: 151, 122, 87.
Uyu si munthu ayi, ndi matope a Ruo.
Ndimawadziwa. Chaka chino ndawawerenga
pa madiresi aukwati, pa masatifiketi,
pa nkhope za makanda a m'manja,
ndipo nambala zake zimangofanana
ngati ana a bere limodzi.

Ndakoka mzere kuchoka diso ili kufika linalo.
Timadontho 212, kupendekeka madigiri atatu.
"Mutuwu ndiuwongole?"
"Usiye. Ankatero akamamvetsera munthu.
Khutu lamanzere linagontha
ndi makina opuntha thonje."
Kabokosi kanangoti atatu,
chifukwa chake sikanachidziwe.

Mlandu uli pa malaya.
Kamuvi kakuti ndi otuwa: 118, 120, 119,
nambala zothithikana
ngati anthu pamthunzi umodzi wa mlambe.
Iwo akuti anali a buluu.
Buluu wake uti, mai?
Ndakweza yachitatu kufika 180.
"Ameneyo ndi wa yunifomu ya ana asukulu."
Ndafika 210.
"Iyayi! Ameneyo ndi wa lona wa kumsasa.
Miyezi inayi ndagona pansi pake,
usamuveke mwamuna wanga."
Ndatsitsa. Ndachotsako kufiira,
ndathira kubiriwira ngati mchere wa m'ndiwo za wodwala.
Thukuta ladonthera pa kiyibodi.
Panja wakabaza akukangana ndi wogulitsa masau
pa nkhani ya chenji,
ndipo dzanja lawo lokhakhala
lagwa pamwamba pa langa, mausi ili pansi.
"Ima pomwepo. Ndi amenewo.
Tinagula ku Ngabu, tsiku logulitsa ng'ombe yamphulula."

54, 98, 163.
Ndalemba kuseri kwa lisiti,
magetsi akuno sasanzika pochoka.

Kenaka muyezo.
M'lifupi masentimita khumi, m'litali khumi ndi asanu.
Mzere umene madzi anasiya papepala
ndauyeza kuchokera pansi: 9.4,
ndipo wadutsa ndendende pakamwa pake.
Nambala imeneyi sindinawauze.
Ndangobwereka khungu patsaya labwino,
kadontho ndi kadontho,
kufikira mlomo utabwerera pamalo pake.

"Apo pamunsi, pali bangapo, pasiye.
Adzukulu adzafunsa."
Ndasiya. Kakona kamodzi ka 151, 122, 87,
kukula kwake ngati chikhadabo.

Pulinta yatsokomola, yalavula pepala lofunda.
Iyo ili ndi chinenero chake,
buluu wa pa sikirini imamunena mwachibwibwi.
Apita nalo pakhomo, alipendeka padzuwa,
ayang'ana nthawi yaitali
mpaka lole ya nzimbe yadutsa, fumbi latsika.
"Wada pang'ono."
Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za inki.
"Ankada chonchi mu Okutobala,
akachokera kudimba. Takhuta, mwananga."
Amasula mfundo ya chitenje,
awerenga ndalama zonyowa ndi thukuta,
avala patapata.

Ndatsala ndi fani.
Ndatseka nkhope ija, ndatsegula tsamba latsopano,
kamuvi kangoima pakati poyera,
pamene palibe munthu, palibe matope, palibe malaya.
255, 255, 255.
Kabokosi kakuti apa ndiye padzaza.