Kumeneko Mvula Sifufuta Mapazi

Lachinayi madzulo ndimakhala kwa Mukhuna wometa pa Chitakale.
Sindipitira lezala, mutu wanga udadzimeta wokha kalekale.
Ndimapitira wapolisi wa jekete lalitali wa pa kanema,
uja sanaphonyepo wakupha ngakhale mmodzi.

Lero watola tsitsi limodzi pa mtsamiro,
walikweza m'mwamba ndi kapanilo,
wati: uyu ndiye.
Ine ndayang'ana pansi pa mpando wa Mukhuna.
Sesa msanga, mphwanga, ndatero,
Chitakale yense wamangidwa.

Anyamata a kabaza sanaseke.
Akuti madala mukusokoneza filimu.

Koma tandiuzani inu.
Mayi wamva chitseko chikulira pakati pa usiku,
watuluka yekha, wopanda nsapato, wopanda chibonga,
akufunsa mdima kuti kodi kuli munthu.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndalondera fakitale ya tiyi,
sindidafunsepo mdima funso.
Umayamba waliza wezulo, miyendo imaganiza pambuyo.

Anansi nawonso akuti sitidaone kanthu.
Mudzi wanji umenewo?
Kuno Esinala wa zinanazi pamsewu
akadakuuzani malaya amene adavala,
ngongole imene ali nayo kwa telala,
ndi dzina la mkazi amene adamusiya ku Luchenza.

Galimoto yawo sithera mafuta panjira.
Foni yawo sizima.
Phazi la chigawenga limakhala m'matope masiku atatu
kudikira bwana abwere ndi tepi yoyezera,
mbuzi sizipondapo, ana a sukulu amalilambalala.

Ndiye wakuphayo, mfuti ili m'manja, khomo lili pululu,
m'malo mothawa wayamba ulaliki:
ndidayamba chonchi, ndidabisa mpeni apa, chifukwa chake nchakuti.
Wakwathu kuno akadakwera njinga mbandakucha,
dzuwa lisanafike pamutu waoloka pa Muloza,
akudya chinangwa tsidya linalo ndi dzina latsopano.

Mukhuna wazimitsa makina ometera, wandiyang'ana pagalasi.
Nanga a Likhutcha, ngati zonsezi ndi bodza,
bwanji simuphonya Lachinayi?

Ndakhosomola. Ndati fumbi la tsitsi.

Faliyoti, mng'ono wanga, adampeza m'mizere ya tiyi cha ku Ruo
Loweruka lina, chiperoni chitatsika m'phiri usiku wonse.
Njinga palibe. Nsapato imodzi.
Pomwe apolisi ankafika, othyola tiyi makumi anayi
anali atazungulira kale, aliyense ndi mapazi ake awiri,
ndipo mvula inali itachapa zotsalazo.
Adalemba m'buku la chikuto chofiira.
Adati tidzakuitanani.
Mwana amene adamusiya m'mimba
chaka chino walemba mayeso a fomu folo.

Esinala yemwe uja tsiku limenelo anali ku maliro ku Phalombe.

Choncho ndimadziwa kuti jekete lalitalilo ndi lonama.
Ndimadziwa kuposa anyamata onsewa.
Koma ikamakwana eyiti koloko
munthu wina amagogoda pakhomo la mayi wolira,
amavula chipewa,
amatchula dzina.

Ndimadikira pamenepo basi.
Lero magetsi azima asanagogode,
anyamata akuwa, Mukhuna akufufuza kandulo,
ine ndatola ndodo yanga, ndatuluka.
Kunja kwayamba kuwaza.